PHUNZIRO 7: KUSAMALA KHUNGU NDI MCHOMBO WA MWANA WOBADWA MASIKU OSAKWANA

Kwa wotsogolera: Phunziro ili ndi la onse, amai ndi abambo omwe. Yesetsani kuti agogo aakazi ndi anamkungwi abwere, chifukwa m'midzi mwathu muno iwo ndiwo amayamba kugwira khanda likafika pakhomo. Konzeranitu beseni, sopo ndi chigubu cha madzi. Wina awerenge chitsanzo chili m'munsichi mokweza ndi mosathamanga.

Chitsanzo

Tiyerekeze kuti ndi mwezi wa June, mphepo ya mwera ili kuomba, ndipo mtsikana wina wa kuseri kwa phiri la Ntchisi wachira pathupi pake pali pa miyezi isanu ndi itatu yokha. Mwana wabadwira kuchipatala ndipo pa sikelo wakwana makilogalamu 2 basi. Patapita masiku anayi, poona kuti ali kuyamwa bwino, anamwino awatulutsa ndi malangizo akuti mwanayo azikhala pachifuwa usana ndi usiku, ndiponso kuti pamchombo pasapakidwe kanthu.

Atafika kumudzi, agogo a mwanayo avundukula nsalu nayang'ana.

"Mwana wanga, mchombo uwu sunayambe n'kuuma komwe. Chonchi tituluka liti m'chikuta? Dikira ndikapale mwaye kudenga, mkucha uno ukhala utagwa."

"Iyayi amai, anamwino anati tisapakepo kanthu."

"Anamwinowo anabereka angati? Ine nonse asanu ndi awiri ndinakupakani mwaye. Suli moyo iwe?"

Bambo wa mwana, amene wakhala pakhonde, ayankhira panja pomwepo: "Pepani amai, mwaye wokha ayi. Ine ndagula sipiliti ku golosale, ameneyu ndiye amapha tizirombo. Mumpukute naye thupi lonse."

Anthu atatuwa onse ali kumfunira mwana zabwino. Kodi inu mukanakhalapo mukanagwirizana ndi yani? Kambiranani pang'ono musanapitirire.

Ana otere ndi ambiri pakati pathu

Mwana timati wabadwa masiku osakwana ngati wabadwa pathupi pasanakwane masabata 37. Kawirikawiri mwana wotere sakwana makilogalamu 2.5. Lipoti limene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa pamodzi ndi mabungwe ena m'chaka cha 2012 linaika Malawi patsogolo pa maiko onse: ana 18 mwa ana 100 aliwonse anali kubadwa nthawi isanakwane. Lipoti lina la mu 2023 linati ndi ana 14 kapena 15 mwa 100 aliwonse. Ngakhale chiwerengero chatsikako, tanthauzo lake ndi lakuti pafupifupi mwana mmodzi mwa asanu ndi awiri. Palibe mudzi kwa Chiwere, kwa Dzoole, kwa Kalumo kapena kwa Kasakula umene sunaonepo mwana wotere.

Zimene zimapha ana amenewa ndi kubanika, kuzizidwa, kulephera kuyamwa ndi matenda olowa m'magazi. Phunziro lathu lero lili pa chomalizachi.

Khungu ndi mpanda

Aliyense amene ali ndi dimba adziwa ntchito ya mpanda. Mpanda ukakhala wolimba, mbuzi zimangozungulira kunja. Khungu la munthu ndi mpanda wa thupi. Tizirombo toyambitsa matenda tili ponseponse, m'manja mwathu, m'nsalu, pamphasa, koma sitilowa chifukwa khungu limatitchinga.

Khungu la mwana limakhwima m'masabata omaliza a pathupi. Mwana akabadwa msanga, khungu lake limakhala lopyapyala ngati kakhungu kofiira ka mtedza, mwakuti nthawi zina timitsempha timaonekera. Khungu lotere limataya madzi ndi kutentha kwa m'thupi mofulumira, limasupuka ndi kukhula pang'ono pokha, ndipo chilichonse chimene chapakidwa pamwamba limachimwa n'kuchilowetsa m'kati. Pamatenga masabata angapo mwana atabadwa kuti lilimbe. Chitetezo cha m'thupi nachonso chimakhala chofooka, chifukwa mbali yaikulu ya chitetezo chimene mwana amalandira kwa mai wake imadutsa m'miyezi itatu yomaliza, imene iye sanaimalize.

Pa mpanda umenewu pali chipata chimodzi chotseguka, ndicho mchombo. Mchombo ndi njira imene magazi ankadzera pakati pa mai ndi mwana, ndipo ukadulidwa pamatsala bala lolunjika m'mitsempha. Tizirombo tikalowera pamenepo sitichedwa kufika m'magazi. Mwana amene m'mawa amayamwa akhoza kutisiya usiku wa tsiku lomwelo. Ndi pamenepanso pamalowera kafumbata, amene mbewu zake zimakhala m'dothi ndi m'ndowe.

Tsono agogo aja sananame kuti ana ao asanu ndi awiri ali moyo. Koma anawo anabadwa okhwima. Ndiponso tikamawerenga amene anapulumuka, tisaiwale makanda ambiri amene anaikidwa ndi amai okhaokha, opanda maliro, asanatuluke n'komwe m'chikuta. Kafukufuku wa boma wa mu 1992 anapeza kuti ana 41 mwa 1,000 aliwonse ankamwalira mwezi woyamba usanathe. Pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anali 27.

Mankhwala opha tizirombo pakhungu

Awa ndi mankhwala opaka kapena opukutira kunja kwa thupi, osati akumwa kapena obaya. Nzeru yake inayamba ndi manja a madokotala. M'chaka cha 1847, dokotala wina dzina lake Ignaz Semmelweis, ku Vienna, analamula anzake kuti azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanagwire mai wochira, ndipo imfa za amai zinatsika kwambiri. Anzakewo sanakondwere kuuzidwa kuti manja ao ndiwo anali kupha anthu. Ifenso sitikondwera mlamu wathu akatiuza kuti tiyambe tasamba tisananyamule mwana wake.

Mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa makanda masiku ano ndi otchedwa chlorhexidine, amene anapangidwa ku Britain m'zaka za m'ma 1950. Ubwino wake ndi wakuti amakanirira pakhungu napitiriza kupha tizirombo kwa maola angapo.

Ambiri sadziwa kuti kafukufuku wina wotchuka wa mankhwala amenewa anachitikira kwathu konkuno, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1997. Anakhudza amai 6,965 ndi ana ao 7,160. Pa miyezi ina azamba ankapukuta njira ya mai ndi thupi la mwana ndi chlorhexidine wosungunula kwambiri, pa miyezi ina ayi. Pa miyezi yopukuta, ana omwalira ndi matenda a tizirombo anali 2 kapena 3 mwa 1,000 aliwonse, pamene pa miyezi yosapukuta anali 7. Anthu anayembekeza kuti yankho lapezeka. Koma pamene njira yonga yomweyi inayesedwa pa amai oposa 8,000 ku Soweto m'dziko la South Africa, zotsatira za mu 2009 sizinaonetse kusiyana. N'chifukwa chake kupukuta mwana aliyense thupi lonse ndi mankhwala sikunakhale lamulo.

Za pamchombo nazo zinayenda chimodzimodzi. Ku Nepal, Bangladesh ndi Pakistan, kumene amai ambiri ankachirira kunyumba ndipo pamchombo ankapakapo phulusa, mafuta ndi zina, chlorhexidine anachepetsa zilonda za pamchombo ndi imfa zomwe. Koma ku chigawo cha kumwera cha Zambia, pa ana oposa 37,000, ndi pa chilumba cha Pemba ku Tanzania, zotsatira za mu 2016 zinaonetsa kuti ana opakidwa mankhwala ndi ana ongosungidwa mchombo uli woyera ndi wouma ankapulumuka mofanana.

Kodi tinene kuti akatswiri ali kutsutsana? Ayi. Mankhwala amathandiza kwambiri pamene uve uli wochuluka. Pamene pali ukhondo kale, saonjezera zambiri. Motero malangizo a WHO a mu 2022 akuti mchombo uzisungidwa woyera ndi wouma, ndipo chlorhexidine azipakidwa tsiku ndi tsiku sabata yoyamba kumadera okhawo kumene anthu akali kupaka zinthu zoopsa monga ndowe. Pa chitsanzo chathu chija, mtsikana ndiye anali kulondola. Koma anamwino akanadziwa kuti kumudzi kuli agogo amene manja ao sangapirire kuona mchombo wosapakidwa kanthu, mwina akanaona kuti n'kwabwino kupereka mankhwalawo, ngati alipo, kuti alowe m'malo mwa mwaye. Nchifukwa chake mai asachite manyazi kuuza anamwino zoona za mwambo wa kwao.

Mankhwala abwino akhoza kuvulaza

Alimi a fodya a ku Mponela ndi ku Madisi adziwa kuti feteleza amene amakulitsa fodya m'munda, yemweyo ukamchulutsa pa nazale amaotcha mbande. Mwana wosakwana masiku ndi mbande.

Bambo uja wa sipiliti anali ndi maganizo abwino, koma akanapweteka mwana wake. Sipiliti amaotcha khungu losakhwima, amalowa m'magazi, ndipo pouma amaziziritsa thupi. Ngakhale chlorhexidine yemwe amaotcha. Mu 2014 bungwe loona za mankhwala ku Britain linachenjeza zipatala kuti makanda ena apsa khungu ndi mankhwalawa, makamaka obadwa masabata 32 asanakwane, ndiponso m'masabata awiri oyamba a moyo wao. Zimachitika kawirikawiri mankhwala akachuluka n'kudikha pansi pa mwana kapena kunyowetsa nsalu imene wagonera. Ndiye mukaona anamwino, asanabaye mwana kapena kumuika diripi, akungopukuta kamalo kakang'ono n'kudikira kuti paume, musaganize kuti ali kuumira mankhwala. Ndi m'mene ziyenera kukhalira.

Ayodini naye amalowa pakhungu lopyapyala n'kusokoneza chithokomiro, chimene chimathandiza kukula kwa thupi ndi ubongo. Dettol, Jik ndi mankhwala ena otsukira m'nyumba asayandikire khungu la khanda ngakhale m'madzi osamba. Paudala nayenso ayi: amaunjikana pamchombo n'kusunga chinyezi, ndipo mwana amampuma. Ku France mu 1972 ana 36 anamwalira ndi paudala amene mwangozi anasakanizidwa ndi mankhwala opha tizirombo ochuluka kopitirira muyeso.

Ngozi ina yomvetsa chisoni ndi ya maso. Mu February 2019 bungwe la WHO linalengeza kuti kuyambira 2015, ana oposa 40 m'maiko asanu ndi anayi a muno mu Africa anavulala maso, ena mpaka kuchita khungu, chifukwa chlorhexidine wa pamchombo anathiridwa m'maso. Kabotolo kake kapena kachubu kake kamafanana ndi ka mankhwala a m'maso, amenenso amaperekedwa kwa makanda. M'nyumba ya mdima, usiku, munthu wosadziwa kuwerenga angasiyanitse bwanji? Mukalandira mankhwala awiri kuchipatala, musachoke musanafunse kuti a pamchombo ndi ati. Mangani kaulusi pa a pamchombowo ndipo muwasunge paokha. Ndipo amene adzapake akhale yemweyo amene anamva malangizo, osati wongouzidwa. Safunsa anadya phula.

Ngati a chipatala akupatsani chlorhexidine wa pamchombo, kapakidwe kake n'kotere: sambani m'manja ndi sopo, pakani pa nsonga ya mchombo, m'mbali mwake ndi patsinde pake pokha, kamodzi pa tsiku kapena monga anenera anamwino, ndipo musapakenso china pamwamba pake. Mchombo wopakidwa mankhwalawa nthawi zina umachedwerako kugwa ndi tsiku limodzi kapena awiri. Si vuto. Mchombo umagwa wokha, kawirikawiri pakati pa masiku 5 ndi 15, ndipo suyenera kukokedwa.

Zimene tingachite pakhomo

Chachikulu ndi manja. Aliyense wofuna kugwira mwana ayambe wasamba ndi sopo ndi madzi othira, osati a m'beseni limene asambamo kale anthu atatu. Mai asambe akachoka kuchimbudzi, akasintha thewera, ndiponso asanayamwitse. Mpondagiya pafupi ndi khomo sadya ndalama. (Apa wotsogolera aitane bambo mmodzi ndi agogo mmodzi kuti aonetse kasambidwe: zikhatho, kuseri, pakati pa zala ndi m'zikhadabo.)

Pa nkhani ya alendo, makolo athu anaona patali. Mwambo wa chikuta, woti mai ndi khanda akhale m'nyumba ndipo asagwidwe ndi aliyense, unkateteza mwana ku manja ambiri ndi ku chifuwa cha anthu odutsa. Masiku ano mwana akangofika, mudzi wonse ufuna kumuona ndi kumnyamula, ena atangotsika minibasi. Mbali imeneyi ya chikuta tiisunge, ndipo kwa mwana wosakwana masiku tiitalikitse kufikira a sikelo atanena kuti wakhwima. Chimene tisiye ndi kufulumizitsa mchombo ndi mwaye, phulusa, ndowe, dothi kapena madzi a zitsamba, ndiponso kummwetsa mwana mankhwala a makolo. Mkaka wa m'mawere wokha ndi wokwanira, ndipo woyamba wachikasu uja ndiwo uli ndi chitetezo chochuluka. Ngati mwana alibe mphamvu yoyamwa, mai afinyire m'kapu yotsukidwa bwino n'kummwetsa monga anamuonetsera kuchipatala.

Mwana aliyense asasambitsidwe tsiku loyamba lisanathe, ndipo wosakwana masiku adikire koposa pamenepo. Zoyera zonga mafuta zimene amabadwa nazo si litsiro, zimateteza khungu. M'nyengo yozizira ya kumapiri kwathu kuno, kusambitsa mwana wa makilogalamu 2 m'beseni m'mamawa n'kumuika pa ngozi. Kumpukuta kumaso, m'khosi ndi kumatako ndi kansalu koviika m'madzi ofunda n'kokwanira. Thewera lipindidwe kuti likhale m'munsi mwa mchombo. Nsalu zake zingakhale zakale, zichapidwe ndi sopo, ziyanikidwe pa chingwe padzuwa, osati pa udzu.

Za mafuta odzola: pa chipatala china cha ana ku Dhaka m'dziko la Bangladesh anapeza kuti makanda osakwana masiku odzozedwa mafuta a mpendadzuwa ankadwala mocheperapo, chifukwa mafutawo amathandiza khungu kulimba. Malangizo a WHO a mu 2022 amalola mafuta a mpendadzuwa kapena a kokonati pa ana otere. Koma akhale oyera, a m'botolo lakelake, osati otsala pokazinga kapena ogula moyezera pamsika, ndipo asafike pamchombo. Yambani mwafunsa anamwino.

Njira ya kangaroo, yoika mwana pachifuwa khungu kukhudza khungu atavala chipewa ndi thewera lokha, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno chipatala cha Zomba chinaikhazikitsa mu 1999. Ambiri amaidziwa ngati njira yofunditsira mwana, koma imachepetsanso matenda, pakuti mwana amakhala pa thupi la munthu mmodzi m'malo mopatsirana m'manja. Kafukufuku wa m'maiko asanu, Malawi ali momwemo, anaonetsa mu 2021 kuti kuyamba kangaroo mwana atangobadwa kunachepetsa imfa za tiana tosakwana makilogalamu 1.8 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mwana afunika kukhala pachifuwa maola 8 kufikira 24 pa tsiku. Mai yekha sangathe. Bambo uja, m'malo mwa sipiliti, akanavula malaya n'kulandira mwana kuti mkazi wake agoneko. Chifuwa cha mwamuna chimafunda chimodzimodzi.

Zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala

Matenda akalowa m'magazi, mankhwala opaka sathandizanso. Pafunika jakisoni, ndipo tsiku lomwelo. Nyamukani, ngakhale usiku, mukaona kuti mwana wasiya kuyamwa, wafooka kapena sagwedezeka pokhapokha mutamgwedeza, thupi latentha kapena lazizira ngakhale ali pachifuwa, ali kupuma mofulumira kapena mokoka m'nthiti, ali kukomoka kapena kuuma thupi, zikhatho ndi mapazi zachita chikasu, pamchombo pafiira, patupa, pali kununkha kapena kutuluka mafinya, kapena pakhungu patuluka matuza a mafinya. Dziwani kuti mwana wosakwana masiku akadwala nthawi zambiri satentha thupi, amazizira. Panjira akhale pachifuwa, ngakhale pa kabaza. Musataye tsiku ndi kufufuza amene wamsempha mwana. Nkhani imeneyo, ngati ilipo, idikire.

Udindo wa mudzi

Zonse tanenazi zifuna madzi ndi sopo, kunyumba ndi kuchipatala komwe. Ana ochepetsetsa amatumizidwa ku zipatala za boma za Dowa ndi Ntchisi, ku zipatala za mishoni monga Madisi ndi Mtengowanthenga, kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, koma ambiri amabadwira pa zipatala zazing'ono za kumidzi. Ngati pa chipatala chotere mpope unafa, mzamba asamba bwanji m'manja pakati pa mai uyu ndi uyo? Gawo 13 la Malamulo a dziko lino limapatsa boma udindo wopereka chithandizo cha zaumoyo chokwanira. Chipatala chilichonse chiyenera kukhala ndi komiti ya anthu a m'dera, ndipo pali makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, khansala ndi phungu. Kufunsa kuti m'chipinda chochirira muli madzi, sopo ndi mankhwala opukutira si kunyoza anamwino. Ambiri a iwo amadandaula zomwezo, koma mau ao okha safika patali.

Pali nkhani inanso yofunika kuikamba ndi mafumu athu. Chiyambire pamene boma linaletsa azamba a m'midzi kuchiritsa amai mu 2007, mafumu ambiri anaika chindapusa kwa mai wochirira kunyumba kapena panjira. Cholinga chinali chabwino, ndipo pofika 2015 mpaka 2016 amai 91 mwa 100 aliwonse anali kuchirira kuchipatala. Koma mwana wosakwana masiku sapangana ndi munthu. Mai amene amawerengera kuti apita kuchidikiro mwezi wamawa, matenda amamuyamba ali kumunda. Banja likaopa mbuzi kapena ndalama za chindapusa, limabisa mwana m'nyumba, mchombo utadulidwa ndi lezala lakale, ndipo ameneyu ndiye mwana wofunika chipatala koposa onse. Lamulo la mudzi liyenera kusiyanitsa wonyozera ndi wodzidzimutsidwa, ndipo chindapusa chisakambidwe mwana asanaonedwe ndi anamwino.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi kwathu kuno pamchombo timapakapo chiyani? Tinene zoona, popanda kuloza munthu chala.

2. Mtsikana wa m'chitsanzo chija angawayankhe bwanji amai ake mwaulemu, koma osalola mwaye? Ndani angamthandize kulankhula? Awiri ayesere ngati sewero.

3. Kodi lamulo la chindapusa m'mudzi mwathu limati chiyani za mai amene wachira mwadzidzidzi miyezi isanakwane?

4. Sankhani anthu awiri, mai ndi bambo, oti akaonane ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi wapampando wa komiti ya chipatala. Akafunse ngati m'chipinda chochirira mumatuluka madzi, ngati chlorhexidine wa pamchombo amaperekedwa, ndi kumene mwana wosakwana masiku amatumizidwa usiku. Adzafotokoze zimene apeza pa msonkhano wotsatira.